Kodi N'koyenera Kuyenda ndi Kampeni Kopinda Kuntchito ya mu Ofesi?

Owerenga athu ena atilembera motere: "Akulu, ine ndimagwira ntchito mu ofesi ndipo makalata ndi timaphukusi tonse timafikira patebulo panga. Kwa nthawi yaitali ndakhala ndikutsegula makatoni ndi kiyi wakunyumba, mwina ndi lezala, mpaka sabata yathayi lezala lija linandicheka chala. Tsopano ndikufuna kugula kampeni kopinda, kooneka bwino, koti ndizingokaika m'thumba. Koma akazi anga akuti anthu aziniona ngati munthu wandewu, ndipo inenso ndili ndi mantha kuti abwana angandiitanitse. Kodi ndikuganiza molakwa? Ngati ayi, ndigule kotani, ndipo ndizikasamala bwanji?"

Bambo, mtima m'malo. Zimene mukufunazi si zachilendo, ndipo sizikusonyeza kuti muli ndi mtima wandewu. Ndakhala ndikunola ndi kukonza mipeni kwa zaka zoposa 20, ndipo ambiri mwa amene amandibweretsera timipeni topinda ndi anthu ovala taye ngati inu nomwe: alembi, owerengera ndalama, aphunzitsi, osunga katundu. Kampeni ka m'thumba ndi ntchito ya patebulo zinadziwana kalekale. M'masiku amene anthu ankalemba ndi nthenga za atsekwe, mlembi aliyense ankakhala ndi kampeni kosongolera nthenga ikabuntha, ndipo mzinda wa Sheffield ku England unatchuka ndi timipeni totere. Nthenga zinatha, koma envelopu, selotepi, chingwe cha phukusi ndi ulusi wolendewera pa jekete zikadalipo. Kiyi sanapangidwire zimenezo. Mukapitiriza adzapindika kapena kuthyokera m'loko. Lezala ndiye ndi loopsa kuposa mpeni uliwonse umene ndingakuuzeni, chifukwa lilibe pogwira ndipo limathetheka.

Komabe mawu a mayi akunyumbawo musawataye. Iwo aona chinthu chimene okonda mipeni ambiri sachiona, choti mpeni wa mu ofesi sumayesedwa ndi kuthwa kokha, umayesedwanso ndi maso a anzanu. Ine munthu akandifunsa funso ngati lanuli ndimamuuza kuti aganizire za mnzake amene wangoyamba ntchito dzulo, amene sakumudziwa khalidwe. Mukatulutsa kampeni kanu iye ali pomwepo, kodi apitiriza kulemba, kapena adzidzimuka? Ngati angadzidzimuke, mpeni umenewo si wa mu ofesi, ngakhale utakhala wokongola chotani.

Zimene zimadzidzimutsa anthu ndazidziwa bwino m'zaka zimenezi. Choyamba ndi kaphokoso, mpeni uja wotsegula ndi chala chimodzi n'kumveka kuti kha! Kenako maonekedwe: chitsulo chopakidwa utoto wakuda, mano ngati a sowo, nsonga yosongoka ngati mkondo, mayina a zausilikali olembedwa pambali. Chinanso ndi kachitsulo kopanira pathumba kamene kamaonekera kunja tsiku lonse, n'kumalengeza kwa aliyense kuti munthuyu wanyamula mpeni. Bambo wina amene ndinkamunolera mipeni anandiuza modandaula kuti anatsegula mpeni wake mothamanga pamsonkhano pofuna kudula chingwe cha mabuku, mayi wina n'kudumpha pampando. Sipanathe sabata kalata inatuluka yoletsa mipeni yonse pakampani pawo, ndi ya anthu amene anali ataisunga mwaulemu kwa zaka zambiri yomwe. Bamboyo sanali woipa mtima. Anangosankha mpeni wosayenera malowo, n'kuutulutsanso mosaganizira anzake.

Ndiye musanagule kanthu, funsani kaye. Paja safunsa anadya phula. Makampani ambiri ali ndi buku la malamulo a ogwira ntchito, ndipo ena analembamo kuti chitsulo chilichonse chakuthwa chisalowe pageti. Pitani kwa abwana anu kapena kwa oyang'anira ogwira ntchito, muwauze mosabisa kuti ntchito yanu ndi yotsegula maphukusi, munachekedwa ndi lezala, ndipo mukufuna kampeni kakang'ono kotalika mwakutimwakuti. Munthu amene wapempha yekha chilolezo saoneka wokayikitsa. Wokayikitsa ndi amene alonda amupeza nako posecha. Akavomera, pemphani kuti ayankhe pa imelo kuti mawuwo asadzasinthe mawa.

Kunja kwa geti kuli lamulo la dziko, ndipo malamulo a mipeni amasiyana kwambiri. Ndikupatseni zitsanzo ziwiri kuti muone kusiyanako. Ku England ndi Wales, lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limalola munthu kuyenda ndi mpeni wopinda popanda kufotokoza chifukwa ngati mbali yake yakuthwa siposa mainchesi 3, amene ndi masentimita 7.62. Koma makhoti akumeneko anagamula kuti mpeni wokhala ndi loko, uja sungapindike mpaka utatsegula lokoyo, suwerengedwa m'gulu limeneli ngakhale utafupika. Ku Germany, kuyambira 2008, lamulo lawo limaletsa kuyenda pagulu ndi mpeni umene umatsegulidwa ndi dzanja limodzi n'kudzikhoma wokha, pokhapokha pali chifukwa chomveka. Mukuona kuti m'maiko awiriwa chimene aboma akuyang'ana si kutalika kokha, komanso kapangidwe. Kumene mukukhalako funsani loya kapena apolisi, osati wogulitsa, chifukwa wogulitsa akufuna malonda. Ndipo pali malo amene ngakhale kampeni kochepetsetsa n'kosafunika: m'khoti, kusukulu, ku ofesi za akazembe, kumabwalo a masewera, m'malo omwera mowa. M'ndege musakaike m'chikwama cham'manja. Ku America bungwe la TSA, loona za chitetezo pamabwalo a ndege, linalengeza mu 2013 kuti liyamba kulola timipeni ting'onoting'ono m'ndege, koma ogwira ntchito m'ndege anakana kwamtuwagalu, ganizolo n'kuthetsedwa chaka chomwecho. Timipeni tambiri tokondedwa tinatsalira m'mabokosi a alonda apabwalo la ndege chifukwa mwini wake anaiwala kuti kali pamakiyi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna ndikuuzeni mosapita m'mbali. Ngati penapake mumtima muli ganizo loti kampenika kadzakutetezani kwa achifwamba, lichotseni lero. Kampeni ka mu ofesi si chida chodzitetezera. Mukakatulutsa pamkangano, mkangano wa mawu umasanduka wa magazi, ndipo kawirikawiri amene amavulala kapena kumangidwa ndi mwini mpeni. M'maiko ambiri, kungonena kwa wapolisi kuti mwanyamula mpeni podziteteza n'kokwanira kusandutsa chipangizo chanu kukhala chida pamaso pa lamulo. Ngati muli ndi mantha enieni ndi njira imene mumadutsa kapena ndi munthu wina, imeneyo ndi nkhani ya apolisi, si ya mpeni.

Tsopano tibwere pa kampeni kenikeniko. Pa ntchito imene mwatchulayi, chitsulo chotalika masentimita 5 mpaka 7 n'chokwanira, ndipo sindinaonepo envelopu kapena katoni imene inafuna choposa apo. Chikhale chopyapyala, chifukwa chitsulo chopyapyala chimalowa m'pepala ndi m'katoni mosavuta pamene chochindikala chimang'amba. Kulemera kwake kukhale kochepa moti mukakaika m'thumba la buluku la suti, thumbalo lisagwere mbali imodzi. Mpeni wolemera umatsala kunyumba pakangotha sabata ziwiri, ndaziona kambirimbiri.

Nkhani yaikulu ili pa mmene mpeni umatsegukira ndi kukhazikika. Mtundu umene ndimaukonda pa ntchito ya mu ofesi ndi umene akatswiri amautcha slipjoint. Kumsana kwa chogwirira chake kuli sipuling'i yachitsulo imene imakanikiza mpeni kuti ukhale wotseguka kapena wotsekeka, koma ilibe loko. Potsegula pamafunika manja awiri: mumakolowetsa chikhadabo m'kamzera kamene kali pachitsulo n'kukoka pang'onopang'ono. Kuchedwa kumeneku ena amakuyesa chilema, koma mu ofesi ndi ubwino waukulu. Munthu wotsegula mpeni ndi manja awiri, modekha, maso ali pa phukusi, saopsa wina aliyense. Komanso mtundu umenewu ndi umene malamulo a maiko ambiri amaulekerera.

Uli ndi ngozi yake, ndipo sindingakubisireni. Popeza ulibe loko, mukaubayitsa ndi mphamvu pachinthu cholimba, kapena mukaukanikiza chakumsana, umapindikira pa zala zanu. Pamene ndinkayamba kumene ntchitoyi ndinayesa kuboola lamba wachikopa ndi nsonga ya mpeni wotere, ndipo chipsera chake ndikadali nacho pachala cholozera. Lamulo lake ndi limodzi: mpeni wopanda loko ndi wocheka, si wobaya kapena kuboola. Mphamvu ikamapita kumbali yakuthwa, mpeniwo umadzitsegula wokha mopitirira ndipo sungakutsekereni. Timipeni tina tili ndi poima pakati, moti potseka kamayamba kaima kaye theka la njira, zala n'kupeza mpata wochoka. Mukakapeza kotero, n'kabwino.

Ya loko nayo ilipo yamitundumitundu. Pali ya loko wakumsana imene inatchuka ndi mpeni wa alenje wotchedwa Buck 110 m'zaka za m'ma 1960, ndi ya liner lock imene mmisiri wa mipeni Michael Walker anaikonza bwino cha m'ma 1980, imene kachitsulo ka m'kati mwa chogwirira kamatchinga mpeni kuti usabwerere. Ndi mipeni yabwino kwa mlenje kapena mmisiri, ndipo ilipo ing'onoing'ono yokongola ndithu. Koma pa ntchito yotsegula makalata loko sakuwonjezerani kanthu, amangokuwonjezerani mafunso kwa alonda ndi apolisi.

Mwafunsa kuti mugule kotani. Sindikonda kukankhira munthu ku dzina limodzi, koma nditchulepo timene ndatigwira kwambiri. Kampani ya Victorinox, imene Karl Elsener anaiyambitsa mu 1884 ku Ibach m'dziko la Switzerland, ili ndi kampeni kotchedwa Classic, kotalika mamilimita 58 kakapindidwa. Kali ndi kampeni, kasizasi ndi kopalira zikhadabo. Ubwino wake waukulu ndi woti anthu amakadziwa. Akaona kofiira kokhala ndi kamtanda koyera, sayamba aganiza za ndewu. Ndipo mudzadabwa kuti kasizasi kaja mudzakagwiritsa ntchito kuposa mpeniwo. Ngati mukufuna kokulirapo pang'ono koma kopyapyala, ali ndi tina ta mamilimita 84 tokhala ndi chogwirira cha aluminiyamu, timene timayenera bwino munthu wovala suti.

Kampani ya mipeni ya Opinel ndi ya ku Savoie ku France, yoyambitsidwa ndi Joseph Opinel mu 1890. Chogwirira chake n'chamtengo, chitsulo chake n'chopyapyala ndipo chimacheka mokoma zedi. Mipeni yake ili ndi manambala osonyeza kukula kwake, ndipo kuyambira nambala 6 kupita m'mwamba imakhala ndi kamkombero kozungulira kamene kamakhoma mpeni, kamene kanayambitsidwa mu 1955, ndiye kumalo kumene loko ndi woletsedwa muyenera kusankha manambala a m'munsi opanda kamkomberoko. Dziwaninso kuti mtengo umatupa ukamwa chinyezi, ndipo nthawi ya mvula mpeniwo umalimba kutsegula. Ku Japan, mumzinda wa Miki, amapanga Higonokami, kampeni kosalira zambiri kamene chogwirira chake ndi chitsulo chopindidwa chabe. Kalibe sipuling'i, chala chanu chachikulu ndicho chimakanikiza kamchira kake kuti kasatsekeke. N'kokongola, koma kwa munthu woyamba sindimakatchula msanga, chifukwa kakakhwepa kamatha kutseguka m'thumba.

Pa dzina la Laguiole chenjerani. Ndi mpeni wowonda wokongola, wokhala ndi kanjuchi kachitsulo kumsana, wochokera kumudzi wa dzina lomwelo ku Aveyron ku France. Koma dzinali si la kampani imodzi, ndipo yambiri yolembedwa Laguiole imapangidwa kwina ndi chitsulo chosalimba. Apa mpamene mwambi uja umakwanira, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anthu andibweretsera mipeni yonyezimira ngati galasi, yokhala ndi chogwirira chowala, koma poinola chitsulo chake chimangopindika m'mphepete ngati chitini. Kukongola kwenikweni kwa mpeni kuli m'malumikizidwe ake. Muutsegule n'kugwedeza chitsulo uku ndi uku, chisagwedere. Muutseke n'kuyang'ana ngati chagona pakati osakhudza m'mbali. Muyendetse chala pamwamba pake uli wotseka. Nsonga isatulukire ngakhale pang'ono, chifukwa nsonga yotulukira idzakuboolerani thumba kapena chala. Muuyang'anitse kuwala, pakati pa sipuling'i ndi chogwirira pasaoneke mipata.

Za mtundu wa chitsulo musazunguzike nazo mutu, ngakhale pa intaneti anthu amakangana usiku wonse. Sankhani chosachita dzimbiri. Chitsulo chimenechi, chimene Harry Brearley anachitulukira ku Sheffield mu 1913, chimasakanizidwa ndi chromium wosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse, ndipo n'chimene chimapirira thukuta la m'thumba. Chitsulo cha kaboni chimathwa mokoma ndipo chimanoleka msanga, koma chimada ndi kuchita dzimbiri mukangochiiwala masiku ochepa, dzimbirilo n'kudetsa nsalu. Zitsulo zodula kwambiri zimasunga kuthwa nthawi yaitali, koma zikabuntha zimavuta kunola ndi mwala wamba. Kwa inu, chitsulo chapakatikati chimene mungachinole nokha m'mphindi zisanu n'chabwino koposa.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta, koma zizolowezi zabwino ziyambe tsiku loyamba. Muzicheka molozetsa kutali ndi thupi, dzanja linalo likhale kumbuyo kwa mpeni, osati kutsogolo kwake. Potsegula katoni lowetsani nsonga yokha m'selotepi, osazamitsa, chifukwa anthu ambiri acheka mabuku, zovala ndi zingwe za kompyuta zimene zinali m'kati. Mukangomaliza, pindani n'kubweza m'thumba. Musausiye wotsegula patebulo pansi pa mapepala, ndipo musamayende nawo wotsegula kupita patebulo la mnzanu kapena kulozera nawo munthu polankhula. Musamaseweretse m'manja poganiza, ngakhale ndikudziwa kuti kampeni kabwino kamakoma kukagwiragwira.

Mipeni yambiri imene imandifika yothyoka nsonga inathyoka pa zinthu zitatu zomwezomwezo: kumasula sikuluwu, kuzula mawaya a sitepula, ndi kutsegula chivundikiro cha chitini. Mpeni si sikuludiraiva. Choopsa kwambiri ndi kugwiritsa ntchito nsonga pofuna kutsegula foni kapena laputopu, chifukwa batire ya lithium ikabooledwa imatha kuyaka moto pomwepo. Ndipo mnzanu akabwereka, mufunseni kuti akufuna kudula chiyani, kapena mumudulire nokha. Si umbombo. Wobwereka sadziwa kuti mpeni wanu ulibe loko, ndipo akavulala mlandu udzakhala pa inu amene munaubweretsa.

Mudzaona kuti pepala ndi katoni zimabunthitsa mpeni msanga kuposa mmene mumaganizira, chifukwa m'pepala amaikamo dongo ndi choko, ndipo m'katoni mumakhala timchenga. Mpeni wobuntha ndiwo umavulaza, popeza umafuna mphamvu ndipo umaterereka. Pezani kamwala konolera kosalala. Gonekani chitsulo pamwalapo, mudzutse msana wake pang'ono, madigiri 15 mpaka 20, ndipo muyendetse ngati mukufuna kusenda kachikopa ka mwalawo. Chinsinsi chake ndi kusasintha kapendekedwe, osati kukanikiza. Nolani mbali imodzi mpaka chala chikamve kamphepete kokanda kumbali inayo, ndiye mutembenuze. Pomaliza kokerani chitsulocho chammbuyo pa lamba wachikopa kangapo mbali iliyonse. Mukamachita za lambazi kamodzi pasabata, mwala mudzaufuna mwa apo ndi apo. Poyesa kuthwa gwiritsani ntchito pepala, osati chala. Musalole munthu kuika kampeni kotere pa gilayinda yamagetsi. Kutentha kwake kumafewetsa chitsulo, ndipo chimene chikanatha zaka 30 chimadyeka tsiku limodzi.

Ulimbo wa selotepi umamatirira pachitsulo n'kuchititsa mpeni wakuthwa kuoneka ngati wabuntha. Pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Zinyalala za m'thumba zimadzaza m'kati, ndiye kamodzi pamwezi zichotseni ndi kamtengo kosongola, mudonthezere dontho limodzi la mafuta a makina osokera polumikizira, n'kupukuta otsalawo kuti asadetse buluku. Kathumba kachikopa kamathandiza kuti makiyi ndi ndalama zachitsulo zisakande chogwirira. Mukafika kunyumba, ngati kuli ana, kampenika kakhale ndi malo ake okwera kumene manja awo safika, chifukwa kanthu kakang'ono kowala kamakopa mwana kuposa mpeni wakukhitchini.

Nthawi yopita nako kwa mmisiri ndi pamene chitsulo chayamba kugwedera, sipuling'i yafooka moti mpeni ukutseguka wokha, kapena nsonga yayamba kusuzumira uli wotseka. Zimenezi musazikonze ndi hamala, ndipo kufikira zitakonzedwa kampeniko kasalowe m'thumba.

Abwana akakana, musalimbane nawo, ndipo musakabise m'sokosi. Apempheni kuti ofesi igule chotsegulira makalata ndi chodulira makatoni chija chimene lumo lake limabwerera lokha m'kati mukachotsa chala, zizikhala m'dirowa ya patebulo panu. Ntchito yanu iyenda chimodzimodzi, ndipo kampeni kanu kokongola mudzakagwiritsa ntchito kunyumba.

Ndisanaiwale, chala chimene lezala linakuchekanicho chili bwanji? Ngati pafiira, patupa, pakutentha kapena pakutuluka mafinya, pitani kuchipatala osadikira mawa. Chimodzimodzi ngati chalacho chachita dzanzi kapena chikukanika kupinda bwino, chifukwa mwina mtsempha unakhudzidwa, ndipo zotere zimakonzeka bwino zikafulumiriridwa. Mukafika, auzeni adokotala chimene chinakuchekani ndi nthawi imene munabayitsa komaliza katemera wa kafumbata. M'tsogolomu mukadzadzicheka, tsukani ndi madzi oyera, kanikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, dzanja lili m'mwamba. Magazi akapanda kusiya, kapena bala likayasama moti m'kati mukuoneka, limenelo ndi lofunika kusoka, ndipo pulasitala wa mu ofesi sangakwanire.